Cham'mimba, jinja ndi botolo la ku India lija

Amene mumandidziwa mukudziwa kale kuti tsiku loyamba la kumwezi ine sindipezeka. Kuyambira ndili folomu 2 cham'mimba chimandigwira ngati wina akufinya chitenje chonyowa mkati mwa chinena, ululu nkutsikira kumsana mpaka ntchafu, nthawi zina kusanza kumene. Mayi anga ankati ukadzabereka zidzatha. Ndinabereka, mwana ali sitandade 1 pano, zinangochepako pang'ono basi.

Nde mu June, kuzizira kwa Zomba kuja nkhungu itatsika kuchokera ku Chawe, ndinalowa mu shopu ina ya amwenye mtauni kukagula zipi ndi ulusi ndikuyenda chowerama. Amayi a pa kauntala anangondiyang'ana nkudziwa. Anandifunsa kuti ndi kumwezi eti, ine eya, iwo nkulowa mkati nkubwera ndi kapepala ka timbewu tating'onoting'ono ta fungo lamphamvu, akuti ajwain, muwiritse ndi jinja wouma mumwe akadali otentha, kwathu timatero. Sanandilipiritse.

Apo mpamene ndinayamba kufufuza za Ayurveda. Ndi mankhwala achikuda a ku India, akale kwambiri, mabuku ake ena analembedwa zaka pafupifupi 2000 zapitazo, ndipo boma lawo linachita kukhazikitsa unduna wake mu 2014, wa AYUSH. Iwo amati m'thupi muli zinthu zitatu, vata, pitta ndi kapha, ndipo cham'mimba amachiika pa vata, ngati mpweya umene umayenera kutsika bwinobwino koma wasokonekera. Nchifukwa chake mankhwala ake ambiri ndi otenthetsa, jinja, ajwain, hing (utomoni wouma wa fungo lamphamvu), sinamoni. Achipatala amafotokoza mwina, amati chiberekero chimatulutsa ma prostaglandin amene amachipangitsa kufinyika kuti magazi atuluke, akachuluka nde ululu uja, ndipo Brufen amagwira ntchito pochepetsa omwewo. Ine za vata sindilimbana nazo, koma jinja yekha anayesedwapo ndithu pa akazi m'mafukufuku angapo ndipo anapeza kuti ufa wake, mamiligalamu 750 mpaka 2000 patsiku, masiku atatu kapena anayi oyambirira, umachepetsa ululu.

Ndimagula jinja wamuwisi mumsika waukulu, kumudula mopyapyala, kuyanika pa lichero masiku angapo, nkusinja mu kamtondo. Theka la supuni ya tiyi m'madzi otentha m'mawa, theka lina madzulo, ndimayamba ndikangomva kuti zayandikira osadikira kuti ndigwe kaye. Chilungamo chake, ululu sunathe ayi. Koma kale ndinkagona tsiku lonse, pano ndimatha kukhala pa mashini mpaka masana, botolo la madzi otentha lokulunga mu chitenje lili pamimba. Mwezi wina zikavuta Brufen ndimamwabe, nditadya kaye. Ndipo mukachulutsa jinja chilungulira chake mudzandikumbuka kkkk.

Pamene ndinayamba kukayika mpa za m'mabotolo. Mnzanga wina wa ku Chinamwali amaoda katundu kunja, anandibweretsera Ashokarishta, madzi akuda bii otsekemera mowawirako. Amapanga ndi khungwa la mtengo wa ashoka ndipo amachita kuwasasitsa, kutanthauza kuti muli kamowa ndithu, ine wa kwaya sanandiuze nkomwe, ndinazindikira ndi fungo. Ku India amamwa akazi amene amataya magazi ambiri kapena amene masiku awo sayenda bwino. Palinso khungwa la mtengo wina wotchedwa lodhra, ndi shatavari amene ndi pachibale ndi katsitsimzukwa wathu yemweyu, ndinaseka nditaona chithunzi chake, agogo akanakhala moyo akanati nanga tinkakuuzani chani.

Chonde abale, mitengo yaitali yowongoka ija anthu amabzala m'mbali mwa mipanda nkumati ashoki si imeneyo. Ija ndi ina, Polyalthia longifolia, weniweni wa mankhwala ndi Saraca asoca, ndipo ngakhale ku India komweko ogulitsa ena amasakaniza makungwa a mitengo iwiriyi. Musakasende mtengo wa eni ake usiku.

Botolo lija ndinamwa mlungu umodzi nkulisiya. Sikuti linandidwalitsa, koma pepala lake linali lolembedwa zilembo za chihindi zokhazokha, tsiku lothera ntchito litafufutika, ndipo ndinali nditawerenga kuti mu 2004 madokotala a ku Boston anayeza mankhwala 70 a Ayurveda ogulitsidwa m'mashopu, 14 anapezeka ndi zitsulo zapoizoni, lead, mercury kapena arsenic. Ena amaikamo zitsulo dala monga mwa mwambo wawo, amati rasa shastra. Jinja ndimamuona ndi maso, ndimasinja ndekha. Za m'botolo lochokera kutali lopanda chosonyeza kuti a PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala kuno kwathu, akulidziwa, mtima wanga sunavomere.

Koma chimene chandilembetsa zonsezi ndi mng'ono wanga. Anabwera kuno ku Matawale mwezi watha nkhope ili gwa, akuti achemwali miyezi inayi sindinasambe, ndipo mnzanu uja akuti ali ndi mapilisi otsegula msambo, Rajah Pravartani Vati, mundibwerekeko ndalama. Azakhali anali atamuopseza kale kuti magazi akuunjikana m'mimba adzasanduka chotupa. Mapilisi amenewo mumakhala alovera wouma, hing ndi zina zamphamvu, ndipo eni ake omwe amaletsa kwa mayi woyembekezera. Nde tangoganizani munthu osadziwa ngati ali ndi mimba kapena ayi nkuyamba kumeza.

Ndinamufunsa kuti iwe ukulera ndi chani, akuti jakisoni wa miyezi itatu. Mxii. Depo amachita zimenezo kwa akazi ambiri, mkati mwa chiberekero simukhuthala nde palibe choti chituluke, palibenso chimene chikuunjikana. Kusowa msambo kumabweranso ndi kuyamwitsa, kuonda kwambiri, maganizo, vuto la chithokomiro, kapena PCOS, vuto la mahomoni lija limameretsa tindevu, ndipo chilichonse chili ndi chithandizo chakechake. Masiku akamasinthasintha pakati pa 21 ndi 35 sivuto nkomwe. Koma kutha miyezi itatu osaona kanthu usali pa kulera, kapena kusintha padi ola lililonse, kapena ululu woti chaka chino waposa chatha mpaka pogona ndi abambo kumawawa, kumeneko nkwa sikani, zitha kukhala ma fibroid, zotupa za m'chiberekero, kapena endometriosis, pamene minofu yonga ya mkati mwa chiberekero imamera kunja kwake, ndipo tiyi wa jinja angokuchedwetsani.

Tinakwera kabaza mpaka ku famase, tinagula koyezera mimba, kanatuluka mzere umodzi. Mawa lake anapita kwa anesi a zakulera anamuuza zomwezo, ndipo anamupatsa mwayi wosintha njira ngati kusasambako kukumusowetsa mtendere, iye wati aganize kaye. Ndalama ija sindinamubwereke. Pochoka anatenga theka la jinja wanga wosinja, akuti wa chimfine, kabotolo kake sanabwezebe mpaka lero.