Achibale anati ndi hamala, makina anati 210/118

Sabata ino inali ngati ina iliyonse ya dzinja kuno kunyanja ku Salima: malungo, ana otsegula m'mimba, sikelo ya amayi Lachiwiri, mzere wa odzatenga ma ARV. Zimenezo mukuzidziwa. Chandikhala pamtima ndi cha Lachinayi.

Cha m'ma 2 koloko masana anafika nawo pa kabaza bambo wina, msodzi wa zaka za m'ma 50, atawapanikiza pakati pa woyendetsa ndi mwana wawo. Pakamwa patakokekera kumanzere, mkono ndi mwendo wakumanja zili lende, mawu akutuluka osamveka. Pa sitiroko funso loyamba ndi lakuti, munawaona komaliza ali bwinobwino nthawi yanji? Mayi akunyumba anati, "Adokotala, m'mamawa amasoka ukonde, basi chingwe chinangowapulumuka m'manja." Inali cha m'ma 6. Maola 8 onsewo anathera kwa sing'anga, poti achibale anati amenyedwa hamala. Mphini zinali zikadali zaziwisi paphewa, ndipo anali atawamwetsa phala kuti apeze mphamvu.

Titafunsitsa, zinadziwika kuti Lolemba mkono womwewo unachita dzanzi, lilime n'kulemera kwa mphindi ngati 10, kenako zinatha zokha. Limenelo linali chenjezo, tsiku loyenera kuthamangira kuchipatala.

Shuga ndiye woyamba kuyeza, chifukwa akatsika kwambiri amanamiza ngati sitiroko, ndipo dextrose, shuga wa m'dripi, amamudzutsa munthu pompo. Ma strip a glucometer yathu, makina oyezera shuga, anatha mwezi watha. Tinachita kukapempha awiri amene anamwino anasunga ku mateniti. Shuga 6.2, ali bwino, malungo palibe, BP 210/118.

Mnzathu wina wongoyamba kumene anali atatenga kale nifedipine, mankhwala otsitsa BP, kuti aike kunsi kwa lilime. Ndinamugwira dzanja. Ubongo wozungulira pamene mtsempha watsekeka umakhala ukupulumukira BP yokwerayo. Mukaigwetsa mwadzidzidzi, mbali imene ikanachira imafa. Tisanadziwe mtundu wa sitiroko, ngati sinadutse 220/120 sitiithamangira, timangoiyeza pafupipafupi. Asipirini nayenso ayi. Ndi maso simungasiyanitse mtsempha wotsekeka ndi wophulika, ndipo pa wophulika asipirini amawonjezera kukha magazi. Chosiyanitsa ndi CT, makina ojambula ubongo, ndipo yapafupi ili ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100 kuchoka pa boma.

Phala lija ndilo linandidetsa nkhawa. Odwala sitiroko ambiri amalephera kumeza masiku oyamba, chakudya n'kulowera m'mapapo, ndipo chibayo chake chimapha anthu amene sitirokoyo inawasiya amoyo. Titawakhazika tsonga n'kuwapatsa supuni yaing'ono ya madzi, anatsamwa, mawu n'kumveka onyowa. Basi, pakamwa pasalowe kanthu. Tinaika dripi ya normal saline, mutu n'kuukweza madigiri 30, kuwagoneka chammbali ndi kuwatembenuza maola awiri aliwonse. Pofika 6 koloko thupi linali litatentha, pa 38.4.

Ambulansi tinaiitana 2:20. Inafika itadutsa 7 usiku, ati mafuta kunalibe. Chodabwitsa, galimoto yopita kumsonkhano mafuta ake sasowa.

Ena amati kuthamanga n'kwa chiyani, poti mankhwala osungunula magazi oundana, amene amaperekedwa asanathe maola 4 ndi theka, ife kuno tilibe. Ine ndimakana. Bambowa akanafika 7 koloko m'mawa, phala silikanalowa m'mapapo, ndipo akanayenda ulendo wa ku CT dzuwa likadalipo.

Chinandipsetsa mtima kwambiri chinali m'buku lawo la kuchipatala. BP inapezeka kale, anali pa mankhwala ake, HCTZ ndi amlodipine, ndipo ankabwera mokhulupirika. Maulendo awiri omaliza tinawauza tokha kuti mankhwala atha, akagule ku famase. Munthu wodalira usipa, mwezi woti nyanja yakana, agula ndi chiyani?

Lachisanu ndinakhala pansi ndi alangizi a zaumoyo kuti akanene m'midzi ndi pamadoko zinthu zitatu zodziwira sitiroko: munthu amwetulire, akweze mikono yonse iwiri, atchule dzina la mudzi wake. Chimodzi chikakanika mwadzidzidzi, ngakhale chitabwerera, achibale alembe nthawi, asamupatse madzi, phala kapena mapiritsi, anyamuke. Madzulo mwana uja anaimba kuti bambo ake awaika chubu cha m'mphuno ndipo akulandira jakisoni wa chibayo. Amlodipine mpaka lero sanabwere.