Sabata ya VRE m'labotale ya kuchigwa

Lolemba mbale zitatu za m'labotale zomwe tinabzalamo mikodzo ya odwala a kuwodi ya opareshoni zinamera bakiteriya ofanana. Odwala onse atatu anali ndi kathita, ndipo anali atabayidwa mankhwala opha mabakiteriya a ceftriaxone kwa masiku angapo. Pa mayeso ozindikirira bakiteriya, catalase sinachite thovu, bile esculin inada bii: anali Enterococcus. Ameneyu amakhala m'matumbo mwa munthu aliyense, ndipo ceftriaxone samugwira. Mankhwalawo akapha mabakiteriya ena, iye amatsala yekha n'kuswana mosaletseka.

Pofuna kudziwa ngati ndi VRE, kutanthauza Enterococcus yemwe mankhwala a vancomycin samugwira, tinaika pa mbalezo disiki ya vancomycin ya 30 µg, kapepala konyowetsedwa ndi mankhwalawo. Disiki imeneyi imawerengedwa pakatha maola 24 athunthu pa madigiri 35, osati 18 ngati zina, ndipo mbaleyo uyenera kuipenyera pa kuwala, chifukwa kumera kwina kumangokhala ngati kankhungu m'kati mwa bwalo losamera lozungulira disikiyo. Bwalo la mamilimita 17 kapena kuposa ndiye kuti mankhwala akugwira. 14 kutsika ndiye kuti sakugwira. Lachiwiri mbale ziwiri zinali zitamera mpaka kukhudza disiki, yachitatu inali pa 15.

Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, mu Okutobala, zotsatira zotere sitizikhulupirira msanga. Masana kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, pomwe inkyubeta wamba, yomeretseramo mabakiteriya, imadziwa kutenthetsa kokha, kuziziritsa ayi. Magetsi akazima furiji imatentha, chinyezi n'kulowa m'madisiki, mphamvu yake n'kuchepa. Choncho tinabzalanso pa agar ya BHI, chakudya chomeretsera mabakiteriya, yokhala ndi 6 µg za vancomycin pa mililita, pambali pake mabakiteriya awiri odziwika oyesera ngati mayeso ali bwino: ATCC 29212 yemwe sayenera kumera, ndi ATCC 51299 yemwe ayenera kumera. Lachitatu awiriwo anachita zoyembekezeka, ndipo a odwala onse atatu anamera.

Bakiteriya wa wodwala wachitatu uja tinapeza kuti amayenda yekha, kusonyeza kuti ndi Enterococcus gallinarum kapena m'bale wake casseliflavus. Amenewa amabadwa ndi jini ya vanC, yomwe imakhala pa kromozomu, imalimbana ndi vancomycin pang'ono chabe, ndipo sidumphira kwa ena. Kupatula wodwala chifukwa cha vanC n'kuwononga bedi losowa kale. Awiri enawo sankayenda, mankhwala a ampicillin sankawagwira, a teicoplanin nawonso ayi. Zizindikiro zonse zinaloza kwa Enterococcus faecium wa vanA.

Vancomycin amagwira ntchito pomata kunsonga yotchedwa D-Ala-D-Ala, njerwa yomwe bakiteriya amamangira khoma lake. Jini ya vanA imasintha nsongayo kukhala D-Ala-D-Lac, ndipo kumata kumachepa pafupifupi ka 1,000. Chodetsa nkhawa ndi pomwe jiniyi imakhala: pa kachidutswa ka DNA kosuntha kotchedwa Tn1546, kamene kamakwera pa plasmid, ka DNA kapadera komwe mabakiteriya amapatsirana, n'kuwolokera kwa bakiteriya wina. Jini ya vanB nayo imasuntha, koma kawirikawiri teicoplanin amaigonjetsabe. Chiyambire pomwe VRE anapezeka ku France ndi ku England mu 1986, zipatala zaona njira ziwiri zofalira: mtundu umodzi kuyenda bedi ndi bedi, kapena jini yokha kudumpha pakati pa mitundu yosiyana. Ndiye ngakhale mayeso a DNA atadzanena kuti awiriwa si apachibale, sitinganene kuti wodi ili bwino.

Lachinayi tinatenga swabu kotulukira chimbudzi kwa onse ogona m'chigawo chimenecho, chifukwa ambiri onyamula VRE sadwala n'komwe. Kenako tinayendera zinthu zomwe manja amagwira: zitsulo za bedi, thamomita, lamba woyezera BP, mpopi, chitseko cha kuchimbudzi, ndi ndowa zomwe magadiyani amabwerekana pokataya mikodzo. Enterococcus amakhala wamoyo milungu yambiri pamalo ouma. Magadiyani sitiwadzudzula, popanda iwo wodi siyenda. Tinangopatsa bedi lililonse ndowa yakeyake n'kuwasonyeza kasambidwe ka m'manja.

Klorini ndi pomwe zinthu zimalakwika kwambiri. Ufa wa HTH wa 70% umafunika magalamu 1.5 pa lita kuti upange 0.1% yopukutira mabedi, ndi magalamu 7 pa lita kuti upange 0.5% ya pomwe patayikira magazi kapena chimbudzi. Yambani mwatsuka ndi sopo, chifukwa litsiro limadya klorini. Sungunulani watsopano tsiku lililonse, m'ndowa yovundikira, pamthunzi. Dzuwa la kuno limamufowoketsa msanga.

Lachisanu makathita awiriwo anachotsedwa. Odwalawo analibe kutentha thupi kapena kupweteka pokodza, choncho sanapatsidwe mankhwala ena. Mankhwala a linezolid ndi osungira amene bakiteriyayu walowa m'magazi. Awiriwo anaikidwa mbali imodzi, mafayilo awo analembedwa VRE kuti chipatala chilichonse chowalandira chidziwe. Mabakiteriya awo tinawabzala m'timachubu ta agar, tinatseka m'zotengera zitatu, n'kuwakweza galimoto ya m'mamawa yodutsa pa Thabwa kupita ku Blantyre kukayezedwa ndi PCR, mayeso a DNA. Maswabu atengedwanso Lachinayi likubwerali.