Mabatire Awiri mu Wilibala

Lachinayi, mwezi wa Julaye, ku Bembeke.

Ndikulemba zimenezi nditafunda bulangeti, zala zikununkhabe dizilo ngakhale ndasamba m'manja kawiri ndi sopo. Lero ndinadzuka tambala wachiwiri atangolira, chifukwa tinapangana ndi ogula kachewere kuti matumba athu akhale atafika pamsewu wa M1 nthawi ya 6 koloko isanakwane. Kunja kunali nkhungu yoti nkhokwe ya amalume sinkaoneka ndili pakhonde, ndipo mpando wa thirakitala unali utanyoweratu ndi mame. Anthu a kuno timadzitama kuti chisanu tidachizolowera, popeza boma la Dedza lili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, koma Massey Ferguson ya amalume, yomwe ndi yaikulu kwa ine pa zaka, chaka chino yakana kuzolowera.

Nditapotokola kiyi, sitata inazungulitsa injini mwaulesi katatu, kenaka inangoti kha! kha! n'kukhala chete. Ndinatenga kamita kanga koyezera moto wa batire ndipo kanaonetsa mavoliti 12.3, pamene batire lodzaza bwino limaonetsa 12.6 kapena kuposerapo pang'ono. Mng'ono wanga atapotokolanso kiyi ine ndikuyang'ana kamitako, manambala anatsika mpaka pansi pa 9. Chisanu chimaivutitsa injini ya dizilo mbali zitatu nthawi imodzi: batire likazizira limapereka moto wochepa, oyilo amalimba ngati phala logona kotero kuti sitata imafunika mphamvu yoonjezera, ndipo dizilo, yemwe alibe mapulagi omuyatsa ngati petulo koma amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa, sagwira moto injini ikamazungulira mochedwa chifukwa zitsulo zozizira zimameza kutenthako.

Tinachita zomwe takhala tikuchita kuyambira mu Juni: kumasula ngolo, kugogoda pamakomo a anthu, ndi kuikankhira thirakitala kumtsetse wotsikira kudambo mpaka italira. Pamene tinkabwerera kudzakola ngolo, ogula aja anali ataimba kale foni kuti lole yadzaza ndi katundu wa ena, tionane mawa. Amalume anakhala pachitsa kwa kanthawi osayankhula, kenaka anati, “Mphwanga, kodi tizingodzutsa mudzi wonse m'mawa uliwonse? Anthuwa atopa nafe, kungoti ulemu ukuwaletsa kunena.”

Ndipo tinapita kwa bambo wina wachikulire wa m'mudzi woyandikana nafe, yemwe adagwira ntchito zaka zambiri yokonza magiledala ndi makina ena a m'misewu. Iwo anati komwe ankagwirako, makina akakana m'mawa ankawakokera ngolo ya mabatire, ndipo ifenso tikhoza kudzipangira yathu. Amalume anafulumira kunena kuti tichotse batire la sola la m'nyumba. Bambowo anapukusa mutu. “Ayi achimwene, limenelo ndi la nyali ndi wailesi. Limapereka moto pang'onopang'ono usiku wonse, pamene sitata imafuna moto wambiri nthawi imodzi. Mukalikakamiza mudzagona mumdima, thirakitala osalira.” Mwayi wathu unali woti lole ya achimwene anga yakhala pamiyala milungu itatu kudikira giyabokosi, ndipo mabatire ake awiri a N100, ogulidwa tsiku limodzi chaka chatha, akungokhala. Ndinawaimbira foni ndipo anavomera, atandilumbiritsa kuti ndidzawabweza lole ikadzachira.

Cha m'ma 10 koloko ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Dedza boma kukafuna mawaya, ndipo apa ndi pomwe ndaphunzira chachikulu lero. M'sitolo yoyamba anandionetsa mawaya olizira galimoto okongola, ofiira ndi akuda, onenepa ngati chala chachikulu. Bambo aja anali atandichenjeza kuti ndikasuzumire kunsonga komwe waya walowa m'chopanira, ndipo nditatero ndinapeza kuti kunenepa konseko ndi pulasitiki, chitsulo cha m'kati n'chongoposa pang'ono kamtengo ka machesi. Nditakanda ndi chikhadabo chinayera mbuu, kusonyeza kuti ndi aluminiyamu wongopakidwa mkuwa pamwamba. Ndinawasiya, n'kukagula waya wa makina owotcherera zitsulo, wa mkuwa weniweni, wonenepa 50 mm², mamita asanu ndi limodzi. Mtengo wake unandiwawa mumtima, koma masamu ake ndi osavuta. Sitata ya thirakitala ngati yathuyi imatha kukoka maampu 400 m'mawa wozizira, ndipo pa waya wa mkuwa wa 50 mm² wotalika mamita asanu tikaphatikiza kupita ndi kubwera, moto wotayika panjira sufika voliti imodzi. Pa waya wa 10 mm² wautali womwewo pamatayika mavoliti oposa atatu, omwe amangosanduka kutentha m'manja mwa munthu, sitata n'kutsala ndi njala. Wofiira kunalibe, choncho ndinagula wakuda yekhayekha pamodzi ndi tepi yofiira yokulungira wa ku pulasi.

Masana onse tinathera pansi pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba. Bokosi tinakhoma ndi matabwa a paini otsala pomanga khola la nkhumba, lolowa bwino mu wilibala, ndi kathabwa kolekanitsa mabatirewo pakati kuti asamagundane panjira. M'mbali tinaboola mabowo asanu ndi limodzi chakumwamba, popeza batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa haidrojeni, womwe ukadzazana pamalo otsekeka umaphulika ndi kalawi kakang'ono kwambiri. Chivundikiro nachonso n'chathabwa, kuti sipanala ikagwa isagone pamitu iwiri ya batire nthawi imodzi.

Polumikiza panatsala pang'ono kuchitika ngozi. M'lole mabatire aja amalumikizidwa motsatizana, mayinasi wa loyamba kupita ku pulasi wa lachiwiri, kuti apereke mavoliti 24 monga zimakhalira pa malole akuluakulu ndi magiledala ambiri. Mng'ono wanga, pokumbukira momwe anawapezera powamasula, anatenga kawaya kafupi ka m'lole kaja n'kuyamba kumanga chimodzimodzi. Bambo aja anamugwira dzanja. “Taima mwana wanga. Thirakitalayi ndi ya 12. Ukaipatsa 24 upsereza mababu ndi alitaneta yomwe, mwinanso batire lake likuphulikira kumaso.” Anamuonetsa kuti pulasi apite ku pulasi, mayinasi ku mayinasi, kuti mavoliti akhale 12 omwewo koma nkhokwe ya moto ikhale yowirikiza. Tisanawalumikize tinayeza lililonse palokha: lina linali pa 12.5, linzake pa 12.6, ndipo iwo anati akanasiyana kwambiri tikanayamba tatchaja lofookalo, chifukwa lamphamvu limathira moto wake mwa linzake mwaukali.

Nsonga iliyonse ya waya tinaisenda, kuilowetsa m'kamphete ka mkuwa komangira pa bawuti, kuifinya ndi chitsulo chosongoka ndi hamala, kenaka kuthira mtovu wosungunula mpaka utalowerera m'timawaya tonse. Pa waya wa pulasi tinaikapo swichi yaikulu yodulira moto, ya kiyi wofiira wochotseka, kuti zopanira zikhale zopanda moto mpaka zitaluma pamalo ake. Zopanirazo tinazilumikiza nsagwada zonse ziwiri ndi kachidutswa ka waya, popeza zambiri zogula zimadutsitsa moto ku nsagwada imodzi yokha.

Tili pa ntchito yomweyo ndinaganiza zotsuka mitu ya batire la thirakitala, yomwe inali itachita zoyera zobiriwira ngati nguwi. Ndinabwereka soda wa azakhali wophikira therere, n'kusungunula m'madzi otentha, ndipo nditathira panachita thovu. Kenaka ndinatsata waya wa ethi, wochokera ku mayinasi wa batire, mpaka pomwe wamangidwa kuchitsulo cha injini, ndipo bawuti yake ndinaimasula ndi zala zokha, pansi pake pali dzimbiri lokhalokha. Ndinapala ndi sandipepa mpaka chitsulo chitawala, kumanga molimba ndi kupaka girisi. Ndikukayikira kuti theka la mavuto athu a mwezi wonsewu linali pa bawuti imeneyi, koma amalume sindinawauze, poti ndalama za waya zinali zitapita kale, ndipo batire la thirakitalalo, lomwe latha zaka zinayi, silinasiye kukhala lokalamba.

Cha m'ma 4 koloko tinayesa. Giya ili pa fili, chopanira chofiira chinaluma mutu wa pulasi wa batire la thirakitala, chakuda chinaluma chitsulo cha injini kutali ndi batire komanso kutali ndi mapaipi a dizilo, kenaka ndinatsegula swichi. Tinadikira mphindi zitatu, ndipo nditangogwira kiyi injini inalira nthawi yomweyo, utsi wakuda n'kuthamangitsa nkhuku. Kamita kanaonetsa mavoliti 14.1, kutanthauza kuti alitaneta ikutchaja bwino. Amalume anaomba m'manja, koma bambo aja anangoseka, nati injini yomwe yalira kale m'mawa n'kuothera dzuwa tsiku lonse ikhoza kulira ngakhale ndi batire la tochi. Asanapite anandibwereza kawiri kuti ndisagwire kiyi kupitirira masekondi 15, ndizipumitsa sitata mphindi yathunthu ndisanayesenso, ndipo pochotsa ndiyambe ndatseka swichi, kenaka chakuda, chofiira pomaliza.

Wilibala ija tailowetsa m'chipinda chosungiramo feteleza ndi makasu, momwe usiku simuzizira ngati panja, ndipo azakhali ndawapempha kuti mbaula asalowe nayo m'menemo. Loweruka ndidzakweza sola yachiwiri padenga la chipindacho, ndi kabokosi kake kowongolera kutchaja, kuti mabatirewo azidzaza masana. Matumba a kachewere ali m'ngolo momwemo, tawafunditsa lona. Nkhungu yayamba kale kutsika kuchokera kumapiri a kumalire a Mozambique, ndipo foni ndaitchera kuti indidzutse 4:30.