Mmene ndinalumikizira Gpredict ndi Gqrx kuti ndizimvera masetilaiti kuno ku Kasungu

Setilaiti ya anthu okonda wailesi siikhazikika pa nambala imodzi ngati siteshoni ya FM. Pa pepala analemba kuti ISS, chombo chachikulu cha m'mlengalenga chimene mumakhala anthu, imatsitsa mawu pa 437.800 MHz, koma ikamatulukira kumene m'chizimezime mumaipeza cha pa 437.810, ndipo pamene ikukalowa imakhala itatsikira cha pa 437.790. Zonsezi zimachitika m'mphindi khumi zokha. Nthawi imeneyo dzanja lina lanyamula eriyo, lina lagwira foni yoonetsa kolozera, khutu lili tcheru. Nanga lachitatu lopotokolera batani la wailesi mulitenga kuti? N'chifukwa chake ntchito yothamangitsa nambalayi ndinaisiyira kompyuta.

Chimachititsa zimenezi ndi liwiro. ISS ili m'mwamba makilomita pafupifupi 400, imathamanga makilomita oposa 7 pa sekondi imodzi, ndipo imazungulira dziko lonse m'mphindi 92 kapena 93. Ikamabwera chakuno mafunde ake amapanikizana, frequency n'kukwera. Ikadutsa amatambasuka, frequency n'kutsika. N'zimene mumamva ambulansi ikamadutsa pa M1, kulira kwake kumakhala kwakuthwa ikamabwera, kenako kumalemera ikakupitirirani. Anazifotokoza ndi Christian Doppler wa ku Austria mu 1842, n'chifukwa chake kusinthaku amakutcha Doppler. Pa 145 MHz kusinthako kumafika 3.5 kHz kumtunda ndi kumunsi, ndipo pa FM khutu limapirira. Pa 435 MHz kumafika 10 kHz, apa ndiye mawu amaphwanyika mpaka kusowa.

Zida zanga n'zosachititsa mantha: laputopu yakale imene ndinaikamo Linux Mint, kachipangizo ka RTL-SDR kolowetsa pa USB, ndi eriyo ya Yagi yopanga ndekha ndi paipi ya pulasitiki ndi zidutswa za tepi yachitsulo ya amisiri omanga. Mapulogalamu ndi awiri, onse aulere. Gpredict imawerengetsa pamene setilaiti ili, Gqrx ndiyo imasandutsa kachipangizo kaja kukhala wailesi. Onsewa anayambitsa ndi munthu mmodzi, Alexandru Csete wa ku Denmark, amene pa wailesi amadziwika kuti OZ9AEC, choncho amamvana mosavuta. Ndinatsegula terminal n'kulemba sudo apt install gpredict gqrx-sdr rtl-sdr, intaneti ndikukoka pa foni.

Chopunthwitsa choyamba chili pa kachipangizoka. Poyamba anakapangira kuonera TV, ndiye mukangokalowetsa, Linux imakalanda ndi driver ya TV ndipo Gqrx imalephera kukagwira. Mankhwala ake ndi kupanga kafayilo mu /etc/modprobe.d/ n'kulembamo mzere umodzi, blacklist dvb_usb_rtl28xxu, kenako kuzimitsa laputopu n'kuiyatsanso. Ndinayesa ndi rtl_test, kanayankha. Ndisanaganize n'komwe za kumwamba, ndinatsegula Gqrx n'kutchera siteshoni wamba ya FM. Nyimbo zikamveka ndiye kuti mbali ya wailesi ili bwino, ndipo vuto lililonse lobwera pambuyo musamalifunefunenso kumeneko. A Windows, pa sitepe imeneyi mumagwiritsa ntchito pulogalamu ya Zadig.

Tsopano Gpredict. Chinthu chimodzi chofunika kuchimvetsa n'chakuti pulogalamuyi siimva kanthu. Ilibe khutu, siidziwa ngati setilaiti ikumveka kapena ayi. Imangochita masamu ndi zinthu zitatu zimene mwaipatsa: malo amene muli, nthawi, ndi manambala a njira ya setilaiti. Mukainamiza pa chimodzi, idzakutcherani frequency yolakwika mosakayika n'komwe, mapu ake akuoneka okongola bwinobwino.

Ndinayamba ndi malo. Ikangoikidwa kumene imaganiza kuti muli ku Copenhagen. Ndinapita ku Edit, Preferences, General, Ground Stations, n'kuonjezera siteshoni yatsopano. Tauni ya Kasungu ili cha pa madigiri 13.03 kummwera ndi 33.48 kummawa, pamtunda wa mamita oposa 1,000, koma ine ndinatenga manambala enieni a pabwalo pathu kuchokera pa GPS ya foni. Pambali pa bokosi la latitude pali posankha North kapena South. Yang'anitsitsani pamenepo. Mukasiya pa North, madigiri 13 omwewo amakuponyani ku Sudan, ndipo nthawi zonse zimene pulogalamu idzakupatseni zidzakhala za anthu a kumeneko. Manambala akalowa bwino, bokosi la locator, kachidule ka malembo ndi manambala kosonyeza malo anu pa mapu, limadzilemba lokha kuyamba ndi KH66, ndipo ndi mmene ndinatsimikizira kuti ndafikadi kwathu. Kenako ndinachonga kuti siteshoni imeneyi ndiyo izigwiritsidwa ntchito nthawi zonse.

Nkhani ya nthawi anthu amaipeputsa. Malaputopu akale ambiri kabatire kosunga wotchi kanatha kalekale, ndiye magetsi akazima batire lalikulu n'kuthanso, wotchi imasokonekera. Chinthu chothamanga makilomita oposa 7 pa sekondi, wotchi ikatsalira mphindi imodzi yokha, chapita kale makilomita oposa 400. Setilaiti ikakhala pamutu penipeni m'pamene frequency imagwa mofulumira kwambiri, ndipo m'pamenenso wotchi yolakwika imakupwetekani. Ndinaika laputopu pa nthawi ya Malawi, yomwe ili patsogolo ndi maola awiri pa UTC, nthawi imene dziko lonse limayendera, n'kuilola kuti izikonza wotchi yokha pa intaneti. Lamulo la timedatectl limaonetsa ngati wotchiyo yagwirizanadi. Mu Gpredict muli posankha kuti izionetsa nthawi yakwanuko m'malo mwa UTC. Ine ndinachonga pamenepo, poti m'mawa kukuzizira mu June mutu sufuna za kuonkhetsa.

Chachitatu ndi TLE. Imeneyi ndi mizere iwiri ya manambala yofotokoza njira ya setilaiti iliyonse, ndipo imakalamba msanga. Kamphepo kochepa kamene kali m'mwambamo kamakoka masetilaiti otsika pang'onopang'ono, ndipo ISS nthawi zina amaikankhira m'mwamba ndi injini. Pa Edit pali Update TLE data from network, pamene pamakoka mafayilo ku webusaiti ya CelesTrak ndi malo ena. Ndi timafayilo tating'ono, bandulo siimva n'komwe. Ngati Gpredict yanu ndi yakale ndipo ikukana kukoka, onani maadiresi amene ali mu Preferences pa TLE Update, chifukwa CelesTrak inasamukira ku celestrak.org ndipo kalembedwe ka maadiresi ake kanasintha. Kumudzi kopanda netiweki yodalirika mutha kukoka fayiloyo pa foni muli m'tauni, n'kudzailowetsa kudzera pa Update TLE data from local files. Ine ndimakoka yatsopano tsiku lililonse limene ndikufuna kumvera. Pa Edit pomwepo palinso Update transponder data, imene imabweretsa ma frequency a masetilaiti kuti musamachite kuwalemba pamanja.

Kenako File, New module (module ndi zenera loonetsa masetilaiti anu), n'kusankha masetilaiti ofuna kuwatsata. Musadzaze ambirimbiri, laputopu yakale imayamba kupuma movutika. Ndinasankha ISS, nambala yake 25544, SO-50 ya ku Saudi Arabia imene inakwera mu December 2002 ndipo imatsitsa FM pa 436.795, RS-44 ya ku Russia ya mu December 2019, ndi AO-73 ya mu November 2013. Ndinaonjezeranso AO-7 chifukwa chongoikonda. Inakwera mu 1974, inakhala chete mu 1981 batire litafa, kenako mu 2002 anthu anadabwa kuimvanso ikugwira ntchito ndi dzuwa lokha. Pa zithunzi zonse za mu module, chimene ndimadalira ndi chozungulira chija cha polar. Pakati pake ndi pamutu panu, m'mphepete ndi m'chizimezime. AOS ndi nthawi yotulukira, LOS yolowera. Kwathu phiri la Kasungu limanditchingira mbali imodzi, ndiye maulendo otsika kwambiri a mbali imeneyo sindiwawerengera. Ndimadikira amene akwera madigiri 30 kapena kuposa.

Kulumikiza mapulogalamu awiriwa ndiye mtima wa ntchito yonse, koma n'kwachidule. Mu Gqrx ndinapita ku Tools n'kuyatsa Remote control. Imamvetsera pa port 7356. Mu Gpredict ndinapita ku Preferences, Interfaces, Radios, n'kupanga wailesi yatsopano: host ndi localhost, port 7356, mtundu wake RX only (kumvera kokha), PTT (batani lolankhulira) palibe. Pakona yakumanja kumtunda kwa module pali kabatani kakang'ono kwambiri kokhala ndi kamuvi, kosavuta kukaphonya. Pamenepo m'pamene pabisala Radio Control. Ikatseguka mumasankha setilaiti, n'kudina Track, kusankha transponder (mbali ya setilaitiyo imene mukufuna kumvera), kudina T kuti ilumphire pa frequency yake, kusankha wailesi ija, pomaliza Engage. Engage ikangodinika n'kudzizimitsa yokha, dziwani kuti Remote control ya Gqrx sinayatsidwe kapena port mwalemba ina. Cycle ndinaisiya pa 1000, kutanthauza kuti izikonza kamodzi pa sekondi. Pa FM n'zokwanira.

Simufunika kudikira setilaiti kuti muone ngati zalumikizana. Ngakhale ili kuseri kwa dziko, nambala ya pa Gqrx imayamba kusuntha yokha pang'onopang'ono.

Pali chachinayi chimene Gpredict singachidziwe n'komwe, ndicho bodza la kachipangizo kaja. Tizipangizo totchipa timaphonya frequency ndi tizigawo totchedwa ppm, kutanthauza magawo pa miliyoni. Kachipangizo kophonya ndi 30 ppm, pa 437 MHz kamakhala kataphonya ndi 13 kHz, kuposa Doppler imene mukulimbana nayoyo. Mutha kukonza zonse molondola koma osamva kanthu. Tina tili ndi TCXO, kagawo kothandiza kuti frequency isayende ndi kutentha, timeneti timaphonya pang'ono kwambiri, ndipo ngati mukugula kumene gulani timeneto. Kanga n'kakale, ndiye ndinakayatsa n'kukasiya katenthe kaye kwa mphindi zingapo, poti kakamatentha nambala imayenda. Ndinakayeza ndi pulogalamu ya kalibrate-rtl, imene imamvera nsanja za mafoni za GSM zomwe frequency yake ndi yokhazikika. Nambala imene inandipatsa ndinakailemba mu Gqrx pa Input controls, bokosi la Freq. correction.

Poyesera penipeni sindinayambe ndi ISS, ndipo inunso ndingakulangizeni chimodzimodzi. Repeater yake, chipangizo cholandira mawu ochokera pansi n'kuwabwezanso pansi, imafuna kuti wina alankhule. Ngakhale ISS ikamadutsa kuno imaona dera lalikulu lofika ku Johannesburg ndi Nairobi, nthawi zambiri ine ndaimva ikudutsa ili zii, chifukwa olankhula m'chigawo chathu ndi ochepa. Komanso amaizimitsa anthu a mu ISS akamatuluka kunja kukagwira ntchito kapena chombo china chikamafika. Munthu umayamba kukayikira zida zako pomwe zilibe mlandu. Chabwino ndi beacon, chizindikiro chimene setilaiti imatumiza yokha. RS-44 ili nayo ya Morse pa 435.605, ndipo popeza imayenda pamwamba kuposa ISS, imatha kukhala m'mwamba mwathu mphindi pafupifupi 20, nthawi yokwanira kukonza izi ndi izi osathamanga mtima.

Ndinakhazika laputopu pa mpando pabwalo, chaja nditachotsa. Chaja ndi inveta ya sola zimabweretsa phokoso loonekeratu pa waterfall, chithunzi cha mafunde chimene chimayenda chotsika mu Gqrx, ngati mizere yoimirira, ndipo chodabwitsa n'chakuti nthawi yabwino kwambiri yomvera kuno ndi pamene magetsi azima dera lonse. Ndinaika Gqrx pa USB, osati FM; USB ya apa si polowetsa kachipangizo paja, ndi upper sideband, mtundu wa kamvedwe kotchedwa SSB. AOS itakwana ndinaloza eriyo kumene polar ikunena. Poyamba kunali mkokomo wokhawokha. Setilaiti itakwera madigiri khumi, pa waterfall panaoneka timadontho totsatizana, tosunthira kumanzere pang'onopang'ono, ndipo kamzere kofiira ka Gqrx kanali kuyenda limodzi nato sekondi ndi sekondi. M'makutu kaliu ka Morse kanangokhala pa liwu limodzi. Ndinazimitsa Engage dala kuti ndimve kusiyana. Kaliu kaja kanayamba kulemera, kutsika, n'kusoweratu pasanathe nthawi. Nditayatsanso kanabwerera pamalo pake. Pa SSB ndi Morse ngakhale 100 Hz imamveka, ndiye apa m'pamene mumadziwira ngati malo, wotchi, TLE ndi ppm zili m'malo mwake. Kaliu kakamakhala pambali mofanana ulendo wonse, vuto ndi ppm. Kakamasochera pakati pa ulendo pokha n'kubwereranso kumapeto, kaikirani wotchi kapena TLE.

Chizindikiro chikazilala mwadzidzidzi musathamangire ku kompyuta. Setilaiti imagubuduzika, ndiye potokolani dzanja kuti eriyo ipendekeke, nthawi zambiri chimabwerera. Kolozera ndimaonera pa Look4Sat ya pa foni ya Android, chifukwa kuyang'ana laputopu ili pa mpando uku mukono uli m'mwamba kumathyola khosi.

Zonsezi n'zomvera chabe. Kuti mulankhule pamafunika laisensi ya MACRA ndi dzina la pa wailesi loyamba ndi 7Q. Mukafika pamenepo, m'malo mwa Gqrx mumalumikiza wailesi yeniyeni ndi chingwe cha CAT, cholola kompyuta kulamulira wailesi, kudzera pa pulogalamu ya rigctld ya Hamlib, imene imamvetsera pa port 4532. Lamulo la rigctl -l limaonetsa nambala ya mtundu wa wailesi yanu, ndipo dzina lanu la pa Linux liyenera kukhala m'gulu la dialout kuti chingwecho chitseguke. Doppler ya potumiza imayenda mobwerera: setilaiti ikamabwera mumatumiza pansi pang'ono pa nambala yake kuti ikafike ili ndendende. Gpredict imachita zimenezi yokha mukasankha mtundu woyenera wa wailesi n'kudina L kuti mbali ziwirizo ziziyendera limodzi. ISS imamvera pa 145.990 ndipo SO-50 pa 145.850, zonse zimafuna tone ya 67 Hz, kaliu kotsika kamene wailesi imatumiza limodzi ndi mawu. SO-50 ikakhala itagona mumayamba mwaidzutsa ndi tone ya 74.4 Hz kwa masekondi awiri, ikatero imakhala yotseguka kwa mphindi khumi.