Kalendala ya tizitseko 24: chitsanzo chachiwiri chatha, wavuta ndi guluu

Chitsanzo chachiwiri cha kalendala ya Adiventi (yowerengera masiku ofikira Khirisimasi, imene mwana amatsegula kachitseko kamodzi tsiku lililonse kuyambira pa 1 Disembala) chatha, ndipo mwa tizitseko 24, timene tikutseguka bwino ndi 21. Titatu tinato tamatirira. Wolakwa ndi guluu wamadzi wa matabwa amene tinamatira: ukapsinja mapepala awiriwo amayenderera mpaka pansi pa kachitseko, komanso amanyowetsa pepala n'kulipinda ngati chikopa chouma. Pa chitsanzo chachitatu tigwiritsa ntchito tepi yomata mbali zonse ya mamilimita 6, choncho pakati pa kachitseko ndi kanzake pazitsala mamilimita osachepera 10.

Kapangidwe kake n'kakale, konga ka makalendala amene Richard Sellmer anayamba kusindikiza ku Stuttgart, ku Germany, mu 1946: pepala lapamwamba lili ndi chithunzi chachikulu, lapansi lili ndi tizithunzi tobisika. Makalendala oyambirira a wosindikiza wina, Gerhard Lang wa ku Munich, analibe n'komwe tizitseko, ana ankadula tizithunzi n'kumamata okha. Pepala lapamwamba tasankha la A3 lolimba 300 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala), lapansi 170 gsm. Lopyapyala kuposa pamenepa limaonetsa zam'kati mwana akaliloza padzuwa, basi chinsinsi chatha.

Kachitseko kamadulidwa mbali zitatu, mbali yachinayi imangodindidwa mzere ndi kumbuyo kwa lezala. Musadule mbali zitatuzo mpaka kumapeto. Siyani timipata tosadula ta milimita imodzi, tiwiri mbali iliyonse, apo ayi tizitseko timatseguka tokha m'chikwama musanagulitse. Kachithunzi kapansi kazikula kuposa khomo lake ndi mamilimita 2 mbali zonse, chifukwa pomata mapepala sagwirizana ndendende, ndipo m'mphepete mumaoneka mzere woyera.

Kwa wojambula, vuto lalikulu si penti ayi, koma malo a tizitseko. Pa chitsanzo choyamba mzere wodula unadutsa pankhope ya m'busa, ndipo nambala 17 inasowa m'mtambo wakuda. Nzeru ndi kuyamba kulemba tizitseko papepala loonekera, kenako n'kujambula mozungulira: zenera la nyumba likhale kachitseko, dengu likhale kachitseko, ndipo ka pa 24 Disembala kakule kuposa tonse. Manambala amwazike, kuti mwana avutikeko pang'ono pofufuza. Chithunzicho chisikanidwe pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi), chipitirire malire ndi mamilimita 3 kuti osindikiza adule bwino, ndipo chisinthidwe msanga kukhala CMYK (mitundu inayi ya inki ya osindikiza). Buluu wa thambo la usiku amawala pa kompyuta, koma papepala amatuluka wofiirira.

Za ndalama, njira ya magulu othandiza anthu a Lions ndi Rotary ku Germany ndi yotheka kutengera. Kalendala iliyonse imakhala ndi nambala yakeyake, masitolo a m'tauniyo amapereka mphatso, ndipo tsiku lililonse amalengeza manambala opambana. Ambiri amagulitsa pa mayuro 5, chithunzi chikujambulidwa ndi mmisiri wa komweko kapena ana asukulu. Mayere otere amafuna chilolezo, tsono funsani kaye a boma kwanuko. Dzina la wojambula lilembedwe kumbuyo, ndipo mugwirizane polemba ngati chithunzicho chidzagwiritsidwenso ntchito chaka chamawa.

Chotsala tsopano ndi kupita kwa osindikiza Okutobala asanathe, kuti Novembala yense akhale wogulitsa. Pofika pa 2 Disembala, kalendala yotsala palibe woifunsa.