Kandege kozungulira pamwamba pa denga lathu

Kuno ku Chileka ndege zikuluzikulu za ku Johannesburg tinazizolowera. Zimabangula kamodzi n'kupita. Kamene kamadzutsa abambo anga ndi kandege ka injini imodzi kamene kamabwera masiku ena masana, kutera, kunyamukanso pomwepo, kuzungulira, mpaka kasanu. Abambo ali ndi zaka 81, usiku sagona bwino chifukwa cha miyendo, ndiye tulo ta masana pakhonde nditofunika kwa iwo.

Mwana wa achemwali anga anaphunzirako kuyendetsa ndege. Atabwera kudzationa anatola kamtengo n'kujambula pansi.

"Amalume, sikuti kasochera ayi. Akuphunzira kutera."

Anajambula msewu wa ndege, kenako njira ya ngodya zinayi yoyandikana nawo. Eni ake amati circuit. Kawirikawiri amakhotera kumanzere, poti woyendetsa amakhala mpando wakumanzere ndipo bwalo amaliona bwino, ali pafupifupi mamita 300 kuchokera pansi. Pa Chileka pali nsanja, oyang'anira ndi amene amamuuza polowera. Koma pa timabwalo topanda nsanja, wofika amayamba wadutsa pamwamba, cha pa mamita 600, kuyang'ana kathumba kansalu kosonyeza mphepo. Akatero amatsikira mbali yosayendamo anzake, n'kudula msewu uja, kenako n'kulowa mumzere akulengeza pa wailesi. Onse akatsata njira imodzi amaonana, sawombana. Apa ndinawapatsa ulemu ndithu.

Phokoso lalikulu limachitika pokwera, injini itatsegulidwa yonse, ndege ili pafupi ndi malata. Popeza amanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo, mwera ukamawomba mu June ndi July phokoso limagwera midzi ina, mphepo ikatembenuka limasamukira kwina.

Chimene chandikhalira mumtima ndi ichi: mnyamatayu akuti mabwalo ena amalamula kukhotera kumanja pofuna kupewa phiri kapena nyumba za anthu, ena amaika maola ophunzirira, ndipo zimalembedwa kuti woyendetsa aliyense awerenge asanafike. Ndiye kuti njirayi imakambidwa ndi anthu. Ine sindikufuna ana athu asiye kuphunzira ndege. Ndikungofuna kuti pokambirana za njirayo tikhalepo ifenso okhala pansi pake, ndipemphe maola awiri okha, kuyambira 1 koloko mpaka 3 koloko, pamene abambo amakhala atagona pamphasa.