Ndinaona khoma la zishango likugumuka ku Battle

Battle ndi tawuni yaing'ono m'chigawo cha East Sussex ku England, yoti msewu wake waukulu si wautali, umakathera pachipata cha nyumba yakale ya amonke. Koma mu Okutobala, Loweruka ndi Lamlungu loyandikira pa 14, anthu amadzaza osapeza popondera. Amabwera kudzaonera sewero la nkhondo ya Hastings ya pa 14 Okutobala 1066, pomwe William wa ku Normandy, dera la kumpoto kwa France, anagonjetsa Harold, mfumu ya England, ndipo seweroli limachitikira pamalo enieni pomwe magazi anakhetsedwa. Mzinda wa Hastings uli patali makilomita pafupifupi 10. Pamene nkhondoyo inkamenyedwa, pano panalibe tawuni, panali chitunda chabe.

Ine ndinayambira kumisasa, ndipo aliyense wopita ndingamuuze kuti ayambire komweko. Ochita seweroli amakhoma mahema, mbali ina a Chingelezi, mbali ina a ku Normandy, ndipo amaphika, kusula ndi kupota ulusi monga ankachitira anthu a nthawi imeneyo. Bambo wina wandevu zaimvi anandipatsa malaya ake ankhondo kuti ndinyamule. Ndi timphete tachitsulo tolumikizana kamodzikamodzi, ndipo kulemera kwake n'kofanana ndi mwana woyamba kuyenda. "Muwonjezerepo chisoti, chishango ndi mkondo," anatero, "kenako muime nazo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa." Pambali pake mayi wina ankaviika ubweya wa nkhosa mumphika wa mizu, ukutuluka wofiira, zala zake nazonso zitafiira.

Kulemera kwa malaya aja n'kumene kunandithandiza kumvetsa zonse zimene ndinaona masana. Mfumu Harold inali itangomenya kumene nkhondo ina pa 25 Seputembala ku Stamford Bridge, kufupi ndi York, komwe inagonjetsa Harald Hardrada, mfumu ya ku Norway, pamodzi ndi Tostig, m'bale wake weniweni wa Harold. Patangotha masiku atatu, William wa ku Normandy anakocheza zombo zake ku Pevensey. Harold anatembenuka n'kutsika kummwera mtunda woposa makilomita 300. M'gulu lake munali asilikali a ntchito, aja onyamula nkhwangwa zazitali zogwira ndi manja awiri, koma ambiri anali anthu a m'midzi oitanidwa kuti adzateteze dziko.

Sewero litayamba, asilikali a Harold anaima pamwamba pa chitunda phewa ndi phewa, zishango zitalumana, n'kumaziomba ndi mikondo. Phokoso limenelo mumalimva m'chifuwa. Mivi inayamba kuuluka kuchokera kumunsi (ya masiku ano ili ndi mphira kunsonga, ndipo malupanga ndi obuntha), kenako oyenda pansi a ku Normandy anakwera, n'kubwezedwa. Atabwera apakavalo, ndinaona chinthu chimene buku silinandiuzepo bwino: kavalo akafika pafupi ndi mzere wa anthu osagwedezeka, amakhota yekha. Khoma lija likadapanda kung'ambika, William sakadadutsa.

Linang'ambika chifukwa cha mtima wofuna kupambana msanga. A ku Normandy atabwerera m'mbuyo ngati akuthawa, ena mwa asilikali a Harold anasiya mzere n'kuwathamangira kutsika chitunda, ndipo kumunsiko akavalo anawazinga. Khamu lonse linkadziwa mathero ake, komabe anthu anali kukuwa kuti abwerere. Mnyamata wina amene anali paphewa pa bambo ake anafuula mpaka mawu kusasa. Inenso mtima wanga unali kwa Harold, ndipo sindibisa. Anthu otopa chotero anapirira tsiku lathunthu, pamene nkhondo zambiri za nthawi imeneyo sizinkatenga nthawi yaitali choncho. Gyrth ndi Leofwine, abale ake a mfumu, anafera pomwepo, ndipo chakumadzulo Harold naye anagwa. Ambiri amati anabayidwa ndi muvi m'diso potengera chithunzi cha pa nsalu ya ku Bayeux, nsalu yakale yopetedwa yosonyeza nkhondoyi, ngakhale akatswiri amatsutsanabe za chithunzicho.

Chimene ndikadakonda kuti chizinenedwa mokweza pa tsikuli ndi zimene zinatsatira. William anavekedwa ufumu pa Khirisimasi chaka chomwecho ku Westminster Abbey. M'nyengo yozizira ya 1069 mpaka 1070 anawononga kumpoto kwa England, kutentha midzi ndi chakudya, anthu ambiri n'kufa ndi njala. Pofika 1086, pamene kalembera wa malo ndi chuma wotchedwa Domesday ankachitika, pafupifupi minda yonse ikuluikulu inali m'manja mwa obwera. Amene anagwa pachitunda paja anatayira limodzi ndi malo a ana awo.

Sewero litatha, ndinakwera ndekha chitundacho kuchokera kumunsi. Si chotsetsereka kwambiri lero, chifukwa omanga anasalaza pamwamba pake, komabe mpweya unandithera ndilibe ndi chishango chomwe. Pamwambapo pali mabwinja a nyumba ya amonke imene William analamula kuti imangidwe ngati kulapa chifukwa cha anthu ophedwa. Mbiri imene amonkewo analemba imati iwo anafuna kumanga pamalo ena abwinopo chifukwa pachitundapo madzi anali ovuta, koma mfumu inakana, inati guwa lansembe likhale pomwe Harold anagwera. Tchalitchicho chinapatulidwa mu 1094, tawuni n'kumakula kunja kwa chipata chake, mpaka Mfumu Henry VIII inadzathamangitsa amonkewo mu 1538.